Agulugufe a usiku pakhonde: buku la Gene Stratton-Porter m'maso mwa mphunzitsi wa zinenero ziwiri

Usiku wina wa mwezi wa Meyi, m'katauni ka Geneva m'cigawo ca Indiana ku United States, mayi wina anamva mapiko akugunda pa waya wa sefa wochinga khonde lake. Tsiku lomwelo gulugufe wamkazi wa mtundu wa Cecropia anali atangotuluka m'cikwa pakhomopo. Mayiyo atatuluka panja, mwezi uli mbee, anaona agulugufe aamuna a mtundu womwewo akubwera kucokera mbali zonse, aliyense wotambalala ngati cikhatho ca munthu wamkulu. Anamutera pamutu, pamapewa ndi pa covala cake cogonera, ndipo iye anakhala nawo panjapo mpaka kunja kutayamba kuyera.

Mayiyo anali Gene Stratton-Porter, ndipo nkhaniyi ili m'mutu wacitatu wa buku lake lochedwa Moths of the Limberlost, limene linasindikizidwa mu 1912 ndi kampani ya Doubleday, Page & Company. Bukuli lapitirira zaka 110. Lili m'Cingelezi cakale, ndipo agulugufe amene likufotokoza ndi a ku America. Mphunzitsi wa ku Angónia, ku Macanga kapena ku Lago, amene ali ndi ana oculuka m'kalasi ndi mabuku ocepa, ali ndi ufulu wofunsa kuti buku lotere limukhudza pati.

Limukhudza pa funso limene amakumana nalo tsiku lililonse m'phunziro la Ciências Naturais: kodi mwana wadziwa cinthu pamene waloweza dzina lake la m'buku, kapena pamene wacitsatira ndi maso ake kucokera pa dzira mpaka imfa? Stratton-Porter anayankha funsoli ndi nchito ya zaka zambiri. Yankho lake lili ndi mphamvu, lilinso ndi pofooka, ndipo zonse ziwiri n'zothandiza kwa wophunzitsa m'zinenero ziwiri.

Kanyumba, dambo ndi mlembi

Ku North America kuli cizolowezi cakuti anthu a m'tauni amene ali ndi kangacepe amapita kukagona ku kanyumba ka m'nkhalango kumapeto a sabata, makamaka m'miyezi yotentha ya kumeneko, Juni, Julayi ndi Ogasiti. Madzulo amayatsa nyale pakhonde, amamvetsera akadzidzi ndi acule, ndipo m'mawa amapeza agulugufe a usiku atamatirira kukhoma. Mabuku angapo ochuka a zacilengedwe a m'dzikolo anabadwira m'tinyumba totere. Henry David Thoreau analemba Walden, la mu 1854, pofotokoza zaka ziwiri zimene anakhala m'kanyumba m'mbali mwa dziwe ku Massachusetts. Aldo Leopold anagula munda woguga ku Wisconsin mu 1935, nakonza khola lakale la nkhuku kuti banja lake lizigonamo kumapeto a sabata, ndipo m'menemo munacokera A Sand County Almanac, la mu 1949.

Buku la Stratton-Porter ndi la banja lomweli, koma iye sanali wobwera Loweruka n'kucoka Lamlungu. Anabadwa mu 1863 pa munda wa makolo ake ku Wabash County, ali cisiriziro m'banja la ana 12, ndipo sukulu ya sekondale sanaimalize. Atakwatiwa ndi Charles Porter anakakhala ku Geneva, m'mphepete mwa dambo lalikulu la nkhalango lochedwa Limberlost, limene linali ndi mahekitala oposa 5,000. Kuyambira 1895 mpaka 1913 anakhala m'nyumba ya zipika imene anaicha Limberlost Cabin. Poyamba ankalowa m'dambomo ndi kamera kukajambula mbalame pa zisa zawo. Agulugufe a usiku anawapeza ali pa nchito imeneyo, ndipo pang'onopang'ono anayamba kubwera kunyumba ndi zikwa, mazira ndi mbozi.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Wobwera kumapeto a sabata amaona gulugufe wokongola kukhoma, amamujambula n'kubwerera kutauni. Sangadziwe kuti gulugufeyo anali mbozi yotani, inkadya tsamba la mtengo uti, ndiponso inakhala m'cikwa miyezi ingati. Zimenezi amazidziwa wokhala pamalopo caka conse. Phindu lalikulu la Moths of the Limberlost lagona pomwepa: ndi buku la mwinimudzi, ngakhale kuti masiku ano amaliwerenga kwambiri ndi alendo a kumapeto a sabata.

Gulugufe wamoyo, osati wobayidwa ndi phini

M'mutu woyamba mlembi akunena poyera kuti sakulembera akatswiri, koma anthu wamba okonda cilengedwe. Dandaulo lake pa mabuku a nthawi imeneyo linali lakuti zithunzi zake zambiri zinkatengedwa pa agulugufe akufa, obayidwa ndi phini pa bolodi, mapiko atakokedwa m'njira imene wamoyo sakhalira, mtundu utazilala. Iye ankadikira gulugufe atuluke m'cikwa, aumitse mapiko, kenako n'kumujambula ali pa tsamba kapena pa duwa. Mitundu ankaiika ndi utoto wa madzi akuyang'ana wamoyoyo. Mwana amene wangoona cithunzi ca wakufa akhoza kukumana ndi wamoyo pa mtengo osamuzindikira, ndipo aphunzitsi amene agwiritsapo nchito zithunzi za m'mabuku zojambulidwa kutali amalidziwa bwino vuto limeneli.

Bukuli lili ndi mitu 15. Iwiri yoyamba ikufotokoza dambolo ndi moyo wa agulugufe onse: dzira, mbozi, nthawi yobisala, ndi kutuluka ndi mapiko. Mitu 13 yotsalayo, uliwonse ukutsatira mtundu umodzi kapena iwiri. Kumeneku n'kumene kuli masamba abwino koposa. Mlembi akusunga mazira, akuyang'anira timbozi tikamaswa, akutisakira masamba amene timalola kudya, akuona mbozi ikufundula kangapo, kenako ikusiya kudya n'kuyamba kusakhazikika. Akuonetsa kuti si mbozi zonse zimene zimaluka cikwa. Cecropia, Polyphemus, Luna ndi Promethea zimaluka, koma Eacles imperialis ndi Citheronia regalis zimatsika mumtengo n'kulowa m'dothi. Akuonetsanso cinthu cimene cimadabwitsa ana ngakhale akulu: agulugufe akuluakuluwa akatuluka sadya kanthu. Alibe pakamwa pogwira nchito. Amakhala ndi moyo masiku owerengeka cabe, pafupifupi sabata imodzi, akudalira mafuta amene anasunga ali mbozi, ndipo nchito yawo ndi imodzi yokha, kukwerana ndi kuikira mazira.

Apa pali cibale ceniceni ndi nkhalango za kuno. Cecropia, Luna, Polyphemus ndi Eacles onse ndi a banja limene asayansi amalicha Saturniidae, ndipo mbozi zambiri zodyedwa za m'miombo ndi za banja lomwelo. Mbozi ya m'nkhalango za tsanya za ku Tete ndi ku Gaza, Gonimbrasia belina, nayonso ikakhwima imatsika n'kulowa m'dothi, ndipo gulugufe wake sadya. Luna wobiriwira wa micira italiitali ali ndi mbale wake ku Africa, Argema mimosae, amene mbozi yake imadya masamba a mfula. Kafukufuku wa mu 2015 wa Jesse Barber ndi anzake anaonetsa kuti micira ya Luna imasokoneza mileme: mleme umaluma mcira, gulugufe n'kupulumuka. Conco zimene Stratton-Porter anaona pakhonde lake zikhoza kuonedwa, m'mitundu ina, kuseri kwa sukulu iliyonse imene ikadali ndi mitengo yacilengedwe.

Cinanso cosayenera kudumphidwa n'cakuti sanagwire nchitoyi yekha. M'masamba ake mumabwerabwera mwamuna wake, amene amamucha Deacon, mwana wake wamkazi, amene amamucha Molly-Cotton, ndi anansi amene ankamubweretsera zikwa zimene apeza. Buku la munthu mmodzi linadzazidwa ndi maso a anthu ambiri. Kalasi ya ana makumi angapo ili ndi maso oposa pamenepo.

Maina awiri pa mutu uliwonse

Kwa mphunzitsi wa zinenero ziwiri, cinthu cocititsa cidwi kwambiri m'bukuli cili pa maina a mitu. Mutu uliwonse wa mtundu wa gulugufe uli ndi maina awiri. Loyamba ndi la pakhomo, lina lodziwika kale pakati pa anthu, lina lopeka yekha. Laciwiri ndi la Cilatini. Eacles imperialis akumucha mfumu yacikasu. Citheronia regalis akumucha mfumu ya alakatuli. Wina akumuchula ndi cimanga cimene mbozi yake imapezekapo. Palinso wina amene akumuchulabe ndi dzina la mbalame, cifukwa ali kamtsikana ankamuona madzulo akuyandama pa maluwa a m'dimba la mayi ake, mapiko akunjenjemera, ndipo ankakhulupirira kuti ndi kambalame. Mlembi sakucita manyazi ndi kulakwitsa kwa ubwana kumeneko. Akuyambira pomwepo, n'kumutenga wowerenga pang'onopang'ono mpaka kukafika pa coona.

Cacitika ndi maina a Cilatiniwo n'cophunzitsa. Angapo mwa amene ali m'bukuli asayansi anawasintha. Telea polyphemus tsopano ndi Antheraea polyphemus. Protoparce carolina ndi Manduca sexta. Deilephila lineata, kambalame kaja, ndi Hyles lineata. Wophunzira amene akanangoloweza maina a mu 1912 bwenzi lero ali ndi cidziwitso cotha nchito. Koma zimene mlembi anaona, mtengo umene mbozi imadya, mwezi umene gulugufe amatuluka, malo amene cikwa cimapacikidwa, zikadali zoona. Dzina ndi cogwirira cabe. Cidziwitso cili m'zimene munthu waona.

Mfundoyi ikugunda pa nkhawa imene yakhala ikumveka m'maphunziro a zinenero ziwiri ku Moçambique kuyambira pa kuyesera kwa PEBIMO, kumene kunacitika m'Cinyanja ku Tete ndi m'Cicangana ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997. Nkhawayo ndi yakuti zinenero za kumudzi zilibe mawu a sayansi. Pa nkhani ya agulugufe, woyang'ana mofulumira akhoza kuvomereza. Cipwitikizi cili ndi borboleta, mariposa ndi traça. Cinyanja ca tsiku ndi tsiku cimangoti gulugufe, kaya wa masana kaya wa usiku, kupatula njenjete imene imadya zovala. Mphunzitsi akafika pamenepa amafulumira kulemba mawu a Cipwitikizi pa bolodi, ana n'kukopera.

Koma nkhani ikatembenukira ku mbozi, sikelo imapendekera kwina. Pamene Cipwitikizi ca m'kalasi cimakhutira ndi mawu amodzi akuti lagarta, mwana wa kumudzi amasiyanitsa mphalabungu, matondo, ciyabwe, kapuci ndi nchemberezandonda. Amadziwa yodyedwa ndi yoyabwa, ya mumtengo ndi ya m'phesi la cimanga, ndi nyengo imene iliyonse imagwa. Brian Morris, m'buku lake la mu 2004 lochedwa Insects and Human Life, analemba zambiri za maina ndi nzeru zotere pakati pa anthu a ku Malawi. Cinenero ciliconse cimagawa bwino kumene eni ake amayang'anitsitsa. Stratton-Porter ndi owerenga ake ankakonda mapiko, conco anali ndi maina a agulugufe. Olankhula Cinyanja amadya zina mwa mbozi ndipo amalimbana ndi zina m'munda, conco ali ndi maina a mbozi. Mbali iliyonse yagwira theka la moyo wa cilombo cimodzi.

Nchito ya phunziro la sayansi ndi kulumikiza magawo awiriwo. Mwana amene amadziwa kuti matondo akakhwima amalowa pansi, koma sanaonepo cimene cimatuluka m'dothimo, watsala ndi phazi limodzi lokha. Akalitenga phazi limenelo m'cinenero cake, mawu akuti metamorfose adzafika ngati dzina la cinthu cimene wacidziwa kale. Akayambira pa mawuwo, amangowanyamula mpaka tsiku la mayeso.

Pamene bukuli likutsimphina

Kuyamikira bukuli sikutanthauza kulimeza lonse. Pali malo atatu pamene wowerenga ayenera kucenjera.

Coyamba ndi kasankhidwe ka agulugufe. Mlembi anasankha akuluakulu ndi okongola, nawaveka maina a mafumu ndi akwati. Kalembedwe kake nakonso n'kodzaza ndi zokometsera, ndipo nthawi zina amawapatsa agulugufe mitima ya anthu. Komatu pa mitundu yoposa 150,000 ya agulugufe imene asayansi analemba, pafupifupi 9 pa 10 iliyonse ndi ya usiku, ndipo yoculuka ndi ing'onoing'ono, yotuwa kapena yakhofi, yosakopa maso. Pakati pa osakopa masowa ndi pamene pali amene amagwira moyo wa alimi. Mbozi imene yasautsa cimanga m'zaka zino, Spodoptera frugiperda, imene m'Cipwitikizi amati lagarta do funil do milho, kwawo ndi ku America komweko. Inaoneka koyamba ku Africa mu 2016 ndipo inafika ku Moçambique mu 2017. Mayi wake ndi kagulugufe kotuwa ka usiku, kamene malinga ndi bungwe la FAO kamatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi ndi kuikira mazira okwana 1,000 pa moyo wake. Palibe mwana wa mlimi amene saidziwa mboziyo. Ocepa ndi amene angaloze kagulugufe kake kukhoma. Mphunzitsi amene angatengere diso la Stratton-Porter pa kukongola kokha adzaphonya gulugufe wofunika koposa m'mudzi.

Caciwiri ndi kusiyana kwa kuona ndi kufotokoza. M'buku lake lanthano la mu 1909, A Girl of the Limberlost, mayi wa mtsikana Elnora amalowa m'dambo usiku ndi nyale kukasaka gulugufe wacikasu uja, ndipo aamuna amamuunjirira cifukwa wamkazi wamuthira timadzi. Kuti aamuna amatsata wamkazi kucokera kutali, mlembi anaona bwino. Koma sayansi inadzaonetsa kuti timadzi timene gulugufe wongotuluka kumene amataya ndi zonyansa zotsala za nthawi imene anali m'cikwa, pamene fungo loitana aamuna limacokera ku kathumba ka kumapeto kwa mimba ya wamkazi, ndipo aamuna amalimva ndi tinyanga tawo tooneka ngati nthenga. Fungo loyamba la mtundu umenewu linadziwika mu 1959, pamene Adolf Butenandt ndi anzake ku Germany analipatula kucokera kwa agulugufe aakazi a silika pafupifupi 500,000. Izi sizimucotsera ulemu Stratton-Porter. Zikungoonetsa kuti munthu akhoza kuona molondola n'kufotokoza mopereweza, ndipo ana ayenera kuphunzira kusiyanitsa ziwirizi.

Cacitatu ndi ndalama. Mawu akuti cabin amapereka cithunzi ca kanyumba kosauka, koma Limberlost Cabin inali nyumba ya zipinda 14. M'mutu woyamba mlembi akudandaula momveka bwino za mmene dambolo linathera: odula mitengo ocokera ku Canada ankafuna milongoti ya zombo, opanga mipando a ku Grand Rapids anatenga mitengo yolimba, kenako kunakumbidwa ngalande yophwetsa madzi, nabweranso okumba mafuta. Pambali pa dandaulo limeneli wowerenga aike mfundo ina ya m'mbiri: pa munda wa mwamuna wake panali zitsime za mafuta, ndipo cuma cimeneco cinathandiza kumanga nyumbayo. Nthawi yokhala tsiku lonse kuyang'ana cikwa, kamera ndi utoto, zonse zinali ndi mtengo wake. Ngakhale m'nthano ija, Elnora amalipira sukulu pogulitsa agulugufe obayidwa ndi phini. Dambolo litauma, mlembi anasamukira ku Sylvan Lake, kumpoto kwa Indiana, kumene anamanga nyumba ina, kenako ku California, kumene anafera pa ngozi ya galimoto mu 1924. Anansi ake analibe mwayi wosamuka cotero. Nchito yobwezeretsa madzi m'zigawo zina za Limberlost inadzayamba m'zaka za m'ma 1990.

Mfundo yacitatuyi ikuteteza mphunzitsi ku colakwa cina. N'kosavuta kutenga buku lotere n'kuyamba kudzudzula ana cifukwa cakuti amadya mbozi za agulugufe okongola. Kutola mbozi ndi ndiwo, ndi ndalama, ndiponso ndi cifukwa cacikulu cimene anthu angasungire mitengo. Funso loyenera m'kalasi si lakuti kudya n'kwabwino kapena ayi. Ndi lakuti cidzacitike n'ciyani caka camawa ngati mtengo wadulidwa kuti mbozi zitoledwe mosavuta, kapena ngati zonse zatoledwa popanda zotsala zolowa m'dothi. Mwana amene watsatira moyo wonse wa gulugufe adzayankha yekha.

Botolo la m'kalasi ndi kope la zaka zambiri

Kutengera njira ya Stratton-Porter m'kalasi kuli ndi ngozi yake, ndipo mlembi wina wa ku America anaifotokoza mosaiwalika. Annie Dillard, m'buku lake la mu 1974, Pilgrim at Tinker Creek, akukumbukira tsiku limene cikwa ca Polyphemus cinabweretsedwa m'kalasi mwake ali mwana. Ana anapatsirana m'manja, kenako mphunzitsi anaciika m'botolo. Gulugufe atatuluka, botololo linali laling'ono moti sanathe kutambasula mapiko. Mapikowo anauma ali okwinyika. Atamutulutsa panja, anangokwawa pansi, osadzaulukanso. Gulugufe wongotuluka kumene amafuna kamtengo kokwerapo ndi malo okwanira kuti alendewere pamene akupopera madzi a m'thupi m'mitsempha ya mapiko. Mphunzitsi uja anali ndi colinga cabwino, koma anafuna kuonetsa cinthu cimene iye mwini sanaciyang'anitsitse. Mabuku awiriwa akaikidwa pamodzi, kusiyana kwake n'koonekeratu: wina anakonza nyumba yake kuti igwirizane ndi gulugufe, wina anafinyira gulugufe m'ciwiya ca kalasi.

Zofunika si zambiri. Katoni yaikulu yochingidwa ndi kansalu ka neti yakale ya udzudzu, dothi lokuya pang'ono pansi pake cifukwa ca mbozi zolowa pansi, timitengo toimika, ndi masamba atsopano tsiku lililonse ocokera pa mtengo womwe mboziyo inapezeka. Mbozi zaubweya sizigwiridwa ndi manja, ndipo pa cenjezo limeneli ana ndi amene angaphunzitse mphunzitsi. Gulugufe akatuluka ndi kuumitsa mapiko, ajambulidwe m'makope ali wamoyo, kenako amasulidwe madzulo.

Pa agulugufe a usiku, sukulu imene ili ndi babu lapanja ili kale ndi pophunzirira: khoma la pansi pa babulo m'mamawa, mbalame ndi analimata asanamalize kudya. Kumene kulibe magetsi, nsalu yoyera ndi nyale ya sola zimakwanira, makamaka kukamatentha mvula yoyamba itayandikira. Cifukwa cimene tizilombo timazungulirira nyale cinafotokozedwa bwino ndi kafukufuku wofalitsidwa mu 2024 m'magazini ya Nature Communications: kacilombo kouluka kamatembenuzira msana wake kumene kuli kuwala, popeza kuthengo kuwala kumacokera kumwamba, ndiye nyale ikakhala pafupi kamangozungulira osatha kucoka. Conco nyaleyo izimitsidwe phunziro likatha. Ana amene akhala cete pafupi ndi nsaluyo adzaonanso ena obwera kudzadya, mileme ndi acule, mwinanso kumva lumbe, ndipo phunziro la zimene zimadyana m'cilengedwe lidzakhala litayamba lokha.

Cotsala ndi kope. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku, malo, mtengo, cithunzi cojambula mwana, ndi maina onse amene apezeka: la kunyumba, la agogo ngati likusiyana, la Cipwitikizi, ndi la Cilatini ngati lilipo. Dzina la ku Tsangano likasiyana ndi la ku Mecanhelas, onse alembedwe, pasakhale lofafanizidwa. Kumene kulibe dzina, ana apeke lawo monga anacitira Stratton-Porter, afotokoze cifukwa cake. Pansi pakhale magawo awiri, lina la zimene mwana waona, lina la zimene akuganiza. Kope lotere lingaoneke lacabe, koma mbiri ya Leopold ikuonetsa mtengo wake. Iye ankalemba tsiku limene duwa lililonse layamba kumasula ndi mbalame iliyonse yafika pa munda wake uja. Mwana wake, Nina Leopold Bradley, anapitiriza kulemba pamalo omwewo kuyambira mu 1976, ndipo mu 1999 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti zina mwa zocitikazo zinali zitayamba kufulumira cifukwa ca kutentha kwa nyengo. Sukulu za ZIP imodzi zitasunga tsiku limene mphalabungu zagwa caka ciliconse, pakutha zaka khumi zingakhale ndi cidziwitso cimene palibe buku locokera kunja lingawapatse.

Coyenera kutengapo

Moths of the Limberlost si buku lopatsa ana, ndipo kulimasulira lonse m'Cinyanja kungakhale kutaya mphamvu, cifukwa agulugufe ake sadzatera pa khoma la sukulu ya ku Chifunde. Mphunzitsi wodziwa Cingelezi akhoza kulipeza kwaulere pa intaneti, nawerenga mitu iwiri yoyamba ndi wa Cecropia. Zimenezo n'zokwanira kumva mmene munthu wosamaliza sekondale anafikira pokonza zimene mabuku a akatswiri ankaonetsa molakwika, pongodekha pamaso pa camoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bukuli ndi umboni wautali wa mwambi umenewu.

Cofunika kumasulira ndi njira yake: kuyamba ndi camoyo cimene cili pakhomo, kucitsatira moyo wake wonse, kulemba dzina la kunyumba poyamba ndi la m'buku pambuyo, ndi kulandira ciliconse cimene anansi abweretsa. Ku zimenezi mphunzitsi awonjezere cimene mlembiyo anacisiya, kagulugufe kotuwa ka m'munda wa cimanga. Ana a m'makalasi a zinenero ziwiri si alendo a kumapeto a sabata m'nkhalango zawo. Amadziwa kale mtengo, mwezi ndi malo pamene mbozi imalowera pansi. Cimene ambiri sanaone ndi m'mawa umene dothi la m'katoni limang'ambika, n'kutuluka cinthu conyowa, cokwinyika, cimene cimakwera kamtengo n'kuyamba kutambasula mapiko.